Tsamba Limodzi la Mpunga

Manalkara, 9 Juni 1996

Mchimwene wanga Eapen,

Landira moni wochokera kuno kumadzi. Uli bwanji kumchengako? Ife tili bwino, kupatula denga la kukhitchini lomwe likudonthera pamoto penipeni, ndi alamu ako a Chandy omwe akhala akulonjeza kulikonza kuyambira Pasaka. Mvula yabwera ndi ukali. Madzi afika pa sitepe yachitatu ya pakhomo, ndipo osangalala ndi abakha okha.

Kalata yako yomaliza inafika mu Febuluwale. Ngati dzanja linathyoka, tiuze tikakupempherere ku tchalitchi.

Ndalemba chifukwa cha Ababa. Lamlungu lapitali, titatuluka ku Misa, amuna a m'mudzi anatulutsa bwato lathu la njoka m'chisakasa kuti ayambe kulipaka mafuta a nsomba ndi mazira. Ababa anakwera kumchira monga mwa nthawi zonse, nagwira nkhafi yaikulu yowongolera, naikweza kamodzi. Atatsika anauza a komiti kuti chaka chino n'chomaliza. Phewa lamanja latha, Eapen. Malaya ndimawaveka ndine, ndipo ndikamatero amayang'ana kukhoma.

Nkhafiyo akufuna akupatse iwe, pamadzi, pamaso pa mudzi wonse, tsiku la mpikisano wa mabwato, monga agogo anawapatsira iwo. Mpikisano uli Loweruka pa 31 Ogasiti. Opalasa alowa m'chigono chokonzekera pa 16. Ukapanda kubwera, nkhafi ipita kwa Varkey, wachiwiri wawo uja, ndipo ichoka pa mitanda ya denga lathu pomwe yakhala kuyambira nthawi ya agogo a agogo.

Usaganize kuti andituma. Anangondifunsa uku akusenda chinangwa, amvekere, "Kodi masitampa a ku Muscat akwera mtengo?" Ababa ukuwadziwa.

Yankha msanga.

Chemwali wako,
Sosamma

Muscat, 28 Juni 1996

Achemwali okondedwa,

Moni kwa inu, kwa Ababa ndi kwa alamu. Dzanja lili bwinobwino, ntchito ndiyo yachuluka. Kuno kukutentha moti munthu umatuluka thukuta uli m'bafa.

Kalata yanu ndinaiwerenga katatu nditaimirira. Auzeni Ababa kuti ndikubwera! Zaka zisanu ndi chimodzi ndili kuno, koma ndikagona ndimamvabe ng'oma ndi nyimbo za opalasa. Mitsinje yathu ndimaidziwa kuposa misewu ya Muscat.

Tsono mverani mwayi wake. Mukudziwa kuti kampani yathu imakonzera anthu maulendo okaona malo. Ndinawaonetsa abwana chithunzi cha bwato lathu, amuna zana limodzi m'bwato limodzi, mchira utaima m'mwamba ngati mphiri yokwiya. Abwana anavula magalasi. Ati titengere alendo kumeneko, azungu ogwira ntchito m'makampani a mafuta kuno, ndipo wowatsogolera ndikhale ine. Tikiti yanga alipira ndi iwo. Tangoganizani, achemwali, mwana wa a Ittyavira akulandira nkhafi makamera makumi atatu akujambula! Manalkara adziwika mpaka ku Ulaya. Chaka chamawa alendo adzabwera okha, alamu adzawagulitsa madzi a kokonati mpaka denga lija lidzakhala la malata atsopano.

Za Varkey musade nazo nkhawa. Ameneyo ndinkamumiza mu ngalande tili ana.

Phewa la Ababa muzilithira mafuta otentha. Ndiuzeni ngati pali mankhwala oti ndigule kuno.

Mchimwene wanu,
Eapen

Manalkara, 14 Julaye 1996

Eapen,

Moni. Tili moyo. Madzi atsika pang'ono, matope ndiwo atsala. Iwe tikukhulupirira kuti uli bwino, poti kalata yako inkachita kudumphadumpha.

Ababa ndinawawerengera mawu akuti ukubwera. Madzulo ake anatsitsa nkhafi pa mitanda n'kuyamba kuipukuta ndi chikamba cha kokonati, akuimba chamumtima. Chimwalirireni Amayi ndinali ndisanawamveko akuimba. Za makamera ndinadumpha, sindinawerenge.

Koma m'kalata mwako monse sindinaonemo tsiku. Ukubwera liti? Kapena mchenga wakuiwalitsa lamulo? Wosadya ndi opalasa sakwera bwato. Masiku khumi ndi asanu, m'mawa kupalasa, masana kukhala pamzere pabwalo la tchalitchi, tsamba la nthochi patsogolo pako, mpunga wa mumphika umodzi. Wolemera, wosauka, wa ku tchalitchi, wa kukachisi, onse pansi. Ndipo wosunga lamulo limeneli ndi bambo ako omwe. Wayiwala kuti anabweza alamu ako pa doko chifukwa chojomba masiku awiri? Masiku awiriwo anali a ukwati wathu, Eapen. A Chandy anati, "Koma Ababa, ndimakwatira mwana wanu!" Ababa amvekere, "Wakwatira bwino. Tsika."

Ndiye usabwere ndi maganizo oti ukangotsika ndege n'kulumphira kumchira. Pempha tchuthi kuyambira pa 15 Ogasiti. Tsiku loyamba kudyetsa opalasa ndi la nyumba yathu, ndipo ndasunga abakha makumi awiri.

Alendo akowo abwere, mtsinje ndi waukulu. Koma iwe uyambe wabwera wekha.

Sosamma

Muscat, 2 Ogasiti 1996

Achemwali,

Moni nonse. Ndili bwino, kungoti ndikugona mochedwa ndi makonzedwe. Alendo akwana makumi atatu ndi awiri, ndipo onse alipira kale.

Za tchuthi ndinayesa. Abwana anaseka, ati, "Ukapita pa 15, alendowa akawanyamula ndani, amayi anga?" Ndiye tinyamuka tonse Lachitatu pa 28, tikagona ku Kochi, Lachinayi tili pa hotelo ku Alappuzha. Lachisanu ndiwazungulitsa m'ngalande pa bwato la alendo. Loweruka m'mawa ndili pa doko la Manalkara, nsapato m'manja, nsalu yoyera m'chiuno.

Lamulo ndikulidziwa, achemwali, musandiphunzitse ngati mlendo. Koma lamulolo analiikira opalasa, kuti manja azigwirizana. Ine sindikupalasa, ndikuwongolera, ndipo ndinaima kumchira pambali pa Ababa zaka zisanu ndi ziwiri ndisanabwere kuno. Kodi madzi asintha njira? Komanso zinthu zikusintha. Midzi ina ikuchita kubwereka opalasa kwa asilikali, anthu osadziwa ngakhale nyimbo imodzi. Ababa sangabweze mwana wawo pamaso pa alendo chifukwa cha mpunga.

Ndatumiza marupi zikwi zitatu, muonjezere nsomba pa abakha aja. Auzeni opalasa kuti ndi Eapen wawadyetsa. Kudyetsa anthu zana si kuposa kudya nawo?

Ndaikamonso kapepala kathu kotsatsira ulendowu. Chithunzi chili pamwambacho ndi cha Ababa. Pansi pake palembedwa m'Chingerezi kuti alendo adzaona ndi maso bambo akupatsa mwana wake nkhafi patatha zaka makumi anayi. Muwaonetse, asangalala.

Eapen

Manalkara, 19 Ogasiti 1996

Eapen,

Moni, ndipo werenga bwino, ndikulemba mothamanga kuti bwato la makalata lisandisiye.

Kalata yako inafika kutatsala tsiku limodzi kuti chigono chiyambe. Ulendo uno sindinadumphe mzere. Ababa anamvetsera yonse, kenako anatenga kapepala kotsatsira kaja n'kukayang'ana nthawi yaitali. Anangoti, "Ndi zaka makumi atatu ndi zinayi." Ndalama anati zipite ku komiti m'dzina la nyumba, osati lako.

Tsiku loyamba anadula okha tsamba la nthochi n'kuliyala pambali pawo pamzere. Munthu sanakhalepo. Akuchita zomwezo tsiku lililonse, ndipo amuna onse akudya maso ali pansi.

Dzulo anachita chinthu chomwe sindinkaganiza kuti ndidzachiona. Anaimirira pamaso pa komiti, nsalu ya paphewa ili m'manja, n'kupempha. Ababa athu, kupempha! Anati, "Mwana wanga ali pa ntchito ya eni. Ndikupemphani tsamba limodzi lokha. Akadya nafe kamodzi chigono chisanatsekedwe, mumulole." Panali phokoso. Wina anakuwa kuti, "Nanga ana athu omwe munawabweza aja anali ana a ng'ona?" Yemwe anawaziziritsa ndi Varkey, yemwe uja unkamumiza mu ngalande. Anati a Ittyavira sanapemphepo kanthu zaka zonsezi, awapatse. A komiti anavomera monyinyirika.

Ndiye imva. Chakudya chomaliza ndi Lachisanu pa 30, masana dzuwa lili paliwombo, pabwalo la tchalitchi. Siya alendo akowo ola limodzi lokha, sangasungunuke. Bwera, khala pansi, idya. Basi.

Ndikuopa kuti kalatayi ikupeza utanyamuka. Lachisanu m'mawa ndituma alamu ako ku hoteloko.

Sosamma

Kochi, 3 Seputembala 1996

Achemwali,

Moni. Ndege inyamuka madzulo ano. Sindinabwere kudzatsanzika, ndipo musafunse chifukwa, munalipo.

Sindinachitepo manyazi otere chibadwire. Ndinafika pa doko monga ndinalonjezera, wopanda nsapato, alendo anga ali pambuyo makamera ali m'maso. Mudzi wonse uli pamenepo, ng'oma zikulira, maambulera ofiira atatambasulidwa kumchira. Ndinaponda mwendo umodzi m'bwato. Bambo anga ondibereka, omwe sanandione zaka zisanu ndi chimodzi, sanati n'komwe wafika mwana wanga. Anangoti, "Dzulo masana unadya kuti?"

Ndinati, "Ndi alendo a ku hotelo, Ababa."

Amvekere, "Ndiye kakwere bwato la ku hotelo."

Mayi wina wa ku Jeremani anandifunsa kuti mkuluyo wati chiyani. Ndinamunamiza kuti ndi mwambo, mwana amayamba wakanidwa. Anajambula ndithu. Kenako onse anaona nkhafi ikupita m'manja mwa Varkey, ine ndili padenga la bwato la alendo, chimkuzamawu kukamwa, ndikufotokoza m'Chingerezi mmene banja langa likutayira chinthu chake. Ndipo Varkey wanuyo anachedwa kukhota pamene ngalande ya Kumpoto imathira mumtsinje. Munaona nokha, tinaluza ndi utali wa nkhafi imodzi.

Munandigwira mkono pa doko paja, ndinakukankhani. Pa chimenecho pepani. Koma Ababa auzeni kuti akhale ndi mpunga wawo. Anasankha tsamba la nthochi kusiya mwana.

Eapen

Muscat, 6 Seputembala 1996

Achemwali anga,

Sindikudziwa ngati ndili woyenera kupereka moni.

Kalata yanu ya pa 19 Ogasiti ndaipeza pansi pa chitseko. Chidindo cha kuno chikuti inafika pa 29, ine nditachoka dzulo lake. Ndaiwerenga nditakhala pa sutikesi, ndipo mpaka pano sindinaitsegule sutikesiyo.

Kalata ya ku Kochi ija ing'ambeni. Ngati simunawawerengere Ababa, chonde musatero.

Pali china choti ndikuuzeni, chifukwa chikundidya. Lachisanu lija tinanyamuka pa hotelo m'mamawa, n'chifukwa chake alamu sanandipeze. Kapepala komwe anasiya, a pa hotelo anandipatsa madzulo. Ndinaona dzina lawo pamwamba n'kukaponya m'thumba osakatsegula, poganiza kuti ndi za wailesi yomwe anandipempha chaka chatha. Koma masana, achemwali, bwato lathu la alendo linadutsa pa Manalkara penipeni. Ndinasankha njirayo ndine, kuti ndiwaonetse kwathu. Ndinaona opalasa atakhala m'mizere pabwalo la tchalitchi, masamba patsogolo, palibe akudya. Ndinadabwa pang'ono, koma ndinangouza alendo kuti, "Taonani, awo ndi opalasa athu, jambulani." Ndinakweza dzanja kuwabayibitsa. Woyendetsa anandifunsa ngati akocheze. Ndinayang'ana wotchi n'kunena kuti ayi, nsomba za alendo zapsa kale.

Panali mtunda woti munthu n'kuponya kokonati n'kufika. Ankadikira ine, eti?

Musawauze Ababa zimenezi. Ndiuzeni mmene alili.

Eapen

Manalkara, 22 Seputembala 1996

Mchimwene wanga,

Moni. Makalata ako onse awiri anafika tsiku limodzi, ndiye ndinayamba ndakutukwana kenako n'kukulirira, zonse tiyi asanazizire.

Inde, ankadikira iwe. Mpunga unapakulidwa dzuwa lili paliwombo. Ababa anati tidikire pang'ono. Amuna zana, opalasa kuyambira m'bandakucha, anadikira ola lathunthu ndi theka, akhwangwala akuzungulira. Palibe anadandaula, ngakhale uja wa ana a ng'ona. A Chandy atabwera okha kuchokera ku Alappuzha, Ababa anati, "Idyani." Koma Ababawo sanadye. Anapinda tsamba lako ndi mpunga wake womwe n'kukaponya okha mumtsinje.

Nanenso ndili ndi mlandu wanga. Kalata ija ndikanaisiya, n'kupalasa kupita ku positi ofesi ya ku tawuni kukakuimbira lamya. Ndinaona ngati ndi kutali, mvula inali kugwa, ntchito inali yambiri pakhomo. Tsiku lililonse ndimaubwereza ulendo umenewo m'mutu, ndipo ndi waufupi.

Abale ake a Varkey anabwera Lamlungu lotsatira kudzatenga nkhafi. Anabwera mwaulemu, ndi nthochi ndi fodya. Varkey anagwada n'kugwira mapazi a Ababa, akulira ngati ndiye walandidwa. Ababa anawaperekeza mpaka pa doko, atabwerako anakagona masanasana.

Kuyambira pamenepo sapita kuchisakasa cha bwato. Amakhala pakhonde. Kalata ya ku Kochi sindinawawerengere, koma anaona maenvelopu awiri ndipo anawerenga nkhope yanga. Andipempha pepala ndi cholembera. Ati akulembera okha, dzanja likalola.

Idya bwino kumeneko. Pa doko paja unkaoneka wowonda.

Sosamma

Manalkara, 10 Novembala 1996

Eapen mwana wanga,

Moni. Ndili moyo. Ndikhulupirira nawenso uli moyo. Zilembo zapendama chifukwa ndikulemba ndi dzanja lamanzere, ndipo kalatayi yanditengera masabata atatu.

Mlongo wako akubisa zinthu, koma sadziwa kubisa. Usamuvutitse. Bwato lanu la alendo ndinaliona ndekha Lachisanu lija. Maso anga sanathe ngati phewa. Unavala malaya abuluu. Utakweza dzanja ndinayesa ukuuza woyendetsa kuti akocheze. Ndinauza ophika kuti, "Uyo wafika, onjezerani nsomba pa tsamba lake." Anaonjezera. Bwato linapitirira.

Pa doko ndinakuyankhula mawu oipa. Ndinali nditakonza ena. Usiku wonse ndinkati ndidzayamba ndakukumbatira, kenako ndidzakuuza pambali kuti sizitheka. Koma nditaona magalasi a makamera aja kumbuyo kwako, mutu unatentha. Kukubweza ndikanakubwezabe. Ndinabweza ana a anthu khumi ndi anayi pa doko limenelija, ndipo makolo awo anali ataima pomwepo. Koma ndikanayamba ndanena kuti wafika bwino. Zimenezo zimandipweteka kuposa phewa.

Ndinalakwanso posakulembera ndekha mu Juni. Ndinkaona ngati bambo sapempha mwana. Ndinakapempha komiti yonse, koma iwe ayi.

Tsono chomwe ndalembera ndi ichi. Pa mpikisano ndinaima kumbuyo kwa Varkey ndi nkhafi yaing'ono. Tikuyandikira pa ngalande ya Kumpoto, ndinakuona padenga la bwato lanu. Chimkuzamawu unali utachitsitsa. Madzi a m'ngalande asanatimenye, iwe unapendekera kale kumanzere, mwendo wamanja kutsogolo, manja onse awiri m'mwamba opanda kanthu. Varkey anakhota opalasa atakoka kale nkhafi katatu. Madzi aja unawaona iye asanawaone, ndipo ngakhale ine unanditsogolera. Anthu akuti tinaluza pa ngalande. Ine ndikuti tinaluza Lachisanu masana.

Varkey ndi munthu wabwino ndipo aphunzira. Nkhafi ili kwawo, ndipo sibwerera. Ali ndi ana aamuna awiri. Usadzaifunse.

Pa mitanda pomwe inkakhala patsala mzere woyera wopanda mwaye, kuyambira kukhomo mpaka kuchipinda cha amayi ako. Sosamma akufuna apakepo laimu. Ndamuletsa.

Kapepala kanu kotsatsira kaja mukakonze. Ndi zaka makumi atatu ndi zinayi.

Chaka chamawa Varkey adzafuna opalasa pakati pa bwato, pomwe amakhala oyamba kumene. Palibe kamera imafika pamenepo. Masiku ndi khumi ndi asanu, ndipo ine sindidzapemphanso komiti kanthu. Ngati abwana ako akana, palibe mlandu, ungondiuza msanga. Koma tsamba ndidzadula ndithu.

Bambo ako,
Ittyavira